Mabotolo Atatu Mufiriji ya Hotelo

Masiye anali ndi digiri ya uinjiniya wa makina, koma ntchito yake ku Dubai inali yokweza ndi kutsitsa chitsulo cha pageti. Kampani imene ankalondera inali ya bambo wina wa ku Pakistan, a Javed, ndipo inkagula magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito, kuwakonza, n'kuwatumiza kumayiko ena. Kuseri kwa ofesi kunali galaja. Masiye ankaiona galajayo tsiku lonse ali m'kanyumba kake ka galasi, ndipo ankadziwa sipanala iliyonse ndi kaliridwe kake ikagwa pansi, ngakhale anali asanagwireko ndi imodzi yomwe.

Mwezi wa Okutobala malo anapezeka. Makaniko mmodzi anapita kwawo ku India kukakwatira, kenaka anatumiza uthenga woti sabweranso. Masiye anapukuta satifiketi yake ndi mkono wa yunifolomu n'kupita nayo ku ofesi.

"Pepala labwino, habibi," anatero a Javed, atalitembenuza kuti aone ngati kumbuyo kwake kulinso zolemba. "Koma m'galajamo sindilamula ine. Gideon akati eya, khalas, walowa. Akakhala chete mpaka Lolemba, ndiitanitsa munthu wina ku Sharjah."

Tsikulo linali Lachitatu.

A Gideon anali a ku Chipata, mkulu wa amakaniko, ndipo anali atakonza magiyabokosi ku Dubai kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Zolembedwa pabotolo la oyilo sankaziwerenga. Ankadonthezera oyiloyo pachala, kumutikita ndi chala chachikulu, kununkhiza, n'kuweruza, ndipo mlandu unkathera pomwepo. Oyilo wabwino kwa iwo anali wokhuthala. Anali ndi chifukwa chomveka: kukatentha madigiri 48, galimoto itaima pamzere ku Al Garhoud ola lathunthu, oyilo wa m'giyabokosi yakale amasanduka tiyi. Choncho m'galimoto iliyonse ya otomatiki ankathiramo oyilo wamba wa magiya, n'kuwonjezera kabotolo ka mankhwala okhuthalitsa kamene iwo ankati uchi. Magalimoto awo anapita ku Mombasa, ku Dar es Salaam, ku Basra, ndipo palibe kasitomala anadandaulapo. Za anthu a madigiri a kuyunivesite ankanena mwachidule kuti sanaonepo pepala likumasula bawuti.

Lachinayi m'mawa mapepala a oda yatsopano anadutsa pageti, monga mapepala onse ankachitira. Magalimoto asanu ndi anayi, onse a otomatiki, opita ku Astana, m'dziko la Kazakhstan, kukafika mu Disembala. Masiye sanali kudziwa kuti Astana ili kuti, ndipo chinthu chimene sakuchidziwa chinkamuyabwa ngati chitedze. Anafufuza pafoni. Atawerenga za nyengo yakumeneko anaganiza kuti foni yalakwitsa, anafufuzanso kwina. Zinali zomwezo: nthawi yachisanu kumafika madigiri 35, masiku ena 40, pansi pa ziro.

Nthawi ya tiyi anapita kukaima pakhomo la galaja, pamene a Gideon anali atakhalira tayala, kapu ya tiyi wa karaki ili m'manja.

"Akulu, magalimoto naini aja akupitatu kozizira."

"Mphepo niidziwa, mwana," anatero a Gideon. "Ku Chipata mu June timavala majuzi awiri."

"Uku n'kwina, akulu. Fote pansi pa ziro."

"Iwe si ndiwe wa ku Dedza? Galimoto ku Dedza inakanapo kuyenda kamba ka mphepo?"

"Ayi, koma ku Dedza kukazizira kwambiri, ndi udzu wokha umene umachita mbuu."

"Manje? Oyilo si madzi. Sauma. Anayi nawathira kale, asanu otsala nizatsiriza Monday." Anamwa tiyi. "Geti yako ili yokha, injiniya."

Masiye anabwerera. Ali m'basi madzulo, paulendo wautali wopita ku International City kumene ankagona anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi, anaiyala nkhaniyo m'mutu mwake monga ankachitira ndi mafunso a masamu, ndipo anapeza kuti ili ndi mbali ziwiri.

Mbali yoyamba inali yosavuta mpaka kukhumudwitsa. M'giyabokosi ya otomatiki oyilo sangofewetsa zitsulo, ndiye amene amakankha magiya. Pampu imamukoka n'kumupanikiza m'tinjira topapatiza ngati udzu. Akalimba ndi chisanu, pampu imakoka pachabe, galimoto imangolira osasuntha, ndipo mbale za m'kati zimakhulana zili zouma. Kumalo ozizira chotero kumafunika oyilo wa sinthetiki, wopangidwa kuti asalimbe msanga, komanso wa mtundu umene buku la galimotoyo latchula. M'sitolo ya kampani oyilo ameneyo analimo, makatoni awiri odzaza fumbi, chifukwa a Gideon anamutikitapo kamodzi n'kunena kuti ndi sobo.

Mbali yachiwiri ndiyo inali funso lenileni. Akapita ndi mapepala kwa a Javed, magalimoto apulumuka, a Gideon achita manyazi pamaso pa bwana, ndipo iye adzakalambira pageti. Akakhala chete, mwina alowa m'galaja, koma mu Disembala anthu asanu ndi anayi a ku Astana adzakhala akutukwana m'chilankhulo chimene iye sachimva. Panafunika kuti a Gideon aone okha. Koma a Gideon ankakhulupirira zala zawo basi, ndipo zalazo zinali zitakhala pamoto zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Tsono funso linali lakuti: mumzinda umene ngakhale madzi a pampopi wozizira amatuluka otentha, madigiri 40 pansi pa ziro angapezeke kuti?

Firiji ya m'chipinda chawo inkalekezera pa 18 pansi pa ziro, komanso inali yodzaza ndi nkhuku za eni ake. Kumsika waukulu wa masitolo kumene anthu amalipira kuti akatsetsereke pachipale chochita kupanga, kuzizira kwake n'kwa masewera, pang'ono chabe pansi pa ziro. Basi ikukhota pa Dragon Mart, Masiye anakumbukira msuweni wake Emmie, amene ankapanga makeke ndi ayisikirimu pahotelo ina ku Al Garhoud. Anamuimbira pomwepo.

"Injiniya wa pageti!" anatero Emmie. "Wakumbuka kuti uli ndi abale? Ukufuna chiyani?"

"Bwanji ukuganiza kuti ndikufuna kanthu?"

"Chifukwa ukaimba wekha osati kufulasha, ndiye kuti pali nkhani."

"Chabwino. Firiji yanu yoziziritsa mwachangu ija imafika pati?"

"Fote. Bwanji?"

Masiye anatseka maso ndi chimwemwe. Anafotokoza zonse.

"Iwe, mutu wako ukuyenda?" anatero Emmie. "Oyilo wa galimoto mufiriji ya makeke a anthu? Ukufuna ndikagulitse mandasi ku Biwi?"

"Ali m'mabotolo otseka, msuweni."

"Ngakhale atakhala m'bokosi la maliro." Kenaka anaseka. "Koma uli ndi mwayi ngati mfiti. Kwabwera ina yatsopano, ikadali kuseri kotsitsira katundu. Akuiyesa yopanda kanthu mpaka Lolemba, kenaka aitsuke ndi mankhwala isanalowe kukhitchini. Ndiwafunsa ashefu, abwana athu a kukhitchini. Akakana, usandidandaulire."

Ashefu sanakane. Anangoti mabotolowo akhale m'mapepala apulasitiki awiriawiri, ndipo awaitane akaonere nawo.

Kunatsala kuwakoka a Gideon. Lachisanu Masiye anadutsa pagalaja ngati akungopita kuchimbudzi.

"Akulu, msuweni wanga uja wa kuhotelo wandikwiyitsa. Akuti palibe munthu angasiyanitse oyilo ndi zala zokha. Akuti ndi bodza la amakaniko."

A Gideon anatulutsa mutu kunsi kwa galimoto. "Ati bwanji?"

"Ndamuuza kuti ndikudziwa munthu mmodzi. Akuti ndibwere naye Lamulungu, ayisikirimu apereka yekha."

"Niuze basi yokwera," anatero a Gideon.

Lamulungu cha m'ma leveni anakumana kuseri kwa hoteloyo, pamthunzi wa khonde lotsitsira katundu. Ndege zinkadutsa pamwamba pawo zikutsika, motsatizana ngati zagwirana michira. A Gideon anabwera atavala shati yoyera yosita, ngati akupita kukaimira umboni kukhoti. Masiye anabweretsa mabotolo atatu a jamu, onse ofiira mofanana: lina la oyilo wamba, lina la oyilo wosakaniza ndi uchi wa a Gideon, lina la sinthetiki. Emmie anawatenga, anatembenuka, anawasakaniza n'kulemba manambala pazivindikiro, moti ngakhale Masiye sanadziwe kuti lina ndi liti.

"Ndinu amene mumaona ndi zala?" anatero Emmie. "Tiyeni tione, madala."

A Gideon anapinda mkono wa shati. Anatikita woyamba. "Wamba." Anapukuta chala, anatikita wachiwiri, anakwinya mphuno. "Sobo." Wachitatu anamutikita nthawi yayitali, akumwetulira ngati munthu amene wakumana ndi mwana wake pamsewu. "Uyu ni wanga. Uyu ndiye oyilo."

Emmie anayang'ana kapepala kake. Anayang'ananso. "Ee! Onse atatu!"

Ashefu, bambo wamkulu thupi wa ku Sri Lanka, anawomba m'manja. Anthu awiri otsuka mbale amene anatuluka kudzaonerera anawombanso. Masiye naye anawomba, ndipo osati mwachiphamaso, chifukwa iye akanangolosera.

"Manje ayisikirimu," anatero a Gideon.

"Ikubwera," anatero Emmie. "Koma ine ntchito yanga ndi ya zozizira. Kirimu amene amaoneka bwino patebulo, mufiriji amasintha khalidwe. Tiwaike umu maola awiri, muwazindikirenso."

"Olo maola teni, mayi."

Emmie anafufuta manambala, analemba ena, anakulunga mabotolo m'mapepala n'kuwaika m'firiji yatsopano ija. Manambala ofiira a pachitseko ankaonetsa 40, kachizindikiro kochotsera kali patsogolo. Kenaka onse anakhala pamakatoni n'kudya. Emmie anabweretsa ayisikirimu ya mango, ya khofi, ndi ina yobiriwira imene a Gideon anaikana poyamba, kenaka n'kupempha yowonjezera kawiri. Anakangana za mpira, za amene amaphika bwino kapenta pakati pa a ku Zambia ndi a ku Malawi, ndiponso ngati Mchinji ndi tauni kapena ndi malo ongodindira pasipoti. Masiye ankaseka nawo, koma maso ake ankabwerera kuchitseko chija. Zimene anawerenga ankazikhulupirira. Chimene sankadziwa n'chakuti munthu wamkulu amatani akaona uchi wake utamutembenukira pamaso pa otsuka mbale.

Itakwana wani koloko Emmie anavala magolovesi n'kutsegula. Nthunzi yoyera inagubuduka n'kuyenderera pansi. Anaika mabotolo patebulo lachitsulo ndipo nthawi yomweyo anachita mbuu. A Gideon anatsegula loyamba n'kutambasula chala.

"Musaviike!" anakuwa Emmie. "Chithothoka chimenecho!"

A Gideon anali atakhudza kale m'mphepete mwa botolo. Analumpha, anaponya dzanja m'mwamba, ananena mawu atatu a Chiurdu amene ashefu anawamva bwino n'kuseka mpaka kugwira khoma.

"Mayo! Iyi si mphepo, uyu ni moto!"

"Ndi Astana ameneyo, akulu," anatero Masiye motsitsa mawu.

Emmie anawapatsa magolovesi ndi supuni. A Gideon anapendeketsa botolo loyamba. Oyilo anatsika pang'onopang'ono, mokakamira, ngati uchi weniweni wa m'mawa wa mu June. Anapendeketsa lachiwiri. Oyilo wake anatsika bwinobwino, wokhuthala pang'ono ngati mafuta ophikira, n'kudzaza supuni. Anapendeketsa lachitatu. Palibe chinachitika. Analizondotsa. Oyiloyo anangokhala m'mwamba momwemo ngati chiponde, ndipo patapita nthawi anayamba kutulutsa mlomo umodzi waulesi umene sunafike n'komwe pakamwa pa botolo.

Palibe anafunsa kuti lachitatulo ndi liti. A Gideon anabaya supuni m'katimo, anaisiya, ndipo inaima yokha chilili.

Otsuka mbale anabwerera m'khitchini mwakachetechete. Masiye anayang'ana nsapato zake. Anaona kuti mwina funso lija analiyankha molondola koma n'kulephera mayeso.

A Gideon anayang'ana supuniyo nthawi yayitali. Kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo kuseka kunatuluka, kwakukulu, kochokera m'mimba.

"Uchi wanga!" anatero akupukuta misozi ndi golovesi. "Ungamangire nyumba! Iwe Masiye, anthu amakhala kumeneko mwa kufuna kwawo? Palibe anawauza kuti kuli malo ena?"

"Akuti anazolowera, akulu."

"Ndipo iwe," anamuloza ndi chala chopweteka chija, "wanipusitsa. Msuweni wako sanakambepo za zala zanga."

"Ndinakamba nditauzidwa zokamba," anatero Emmie. "Koma mwandidabwitsadi, madala. Zimenezo ndiye si zopeka."

"Bwanji sunapite chabe kwa bwana na mapepala yako?"

Masiye anaganiza zoti ayankhe mwaulemu, koma anasankha zoona. "Mukanandida. Ndipo ine ndikufuna kulowa m'galaja mwanu, osati mwa a Javed. Komanso pepala likananena kuti mwalakwa, pamene simunalakwe. Oyilo wanu ndi wa kotentha. Magalimoto ndi amene asintha njira."

"Hmm," anatero a Gideon. Anavula magolovesi. "Manje niuze, injiniya. Tichita bwanji?"

Masiye anali atakonzekera funso limeneli kuyambira Lachinayi. "N'zosavuta. Asanu otsalawo tithiremo sinthetiki. Anayi munathira kale aja tikhuthule, tithiremo watsopano. Theka la tsiku."

A Gideon anatembenukira kwa Emmie. "Mwamumva? Theka la tsiku." Anabwerera kwa Masiye. "Ukamasula bawuti ya pansi, amatuluka oyilo wochuluka bwanji?"

"Yense."

"Wotuluka sakwana na theka, mwana. Wina amatsala mu konveta, wina mu mapaipi opita kutsogolo. Ukathira sobo wako pamwamba, wasakaniza na uchi wanga. Uzakhuthula, uthire, ulize injini, udutse magiya onse, ukhuthulenso. Katatu. Galimoto iliyonse."

 Zimenezo Masiye anaphunzira chaka chachitatu, ndipo anakhoza bwino, koma pachithunzi cha m'buku oyilo sankatsalira paliponse.

"Chachiwiri," anapitiriza a Gideon, akusangalala poyera. "Mwa naini aja, awiri giya yake ni ya lamba, si ya mbale. Sobo wa mu sitolo uja ukathira mmenemo, lamba azaterereka asanafike na kudoko. Afunika wawo, wa sinthetiki nayenso, koma mtundu wina. Unaona zimenezo pa geti?"

"Sindinaone, akulu."

"Chachitatu. Ngati oyilo wachita so, madzi a mu rediyeta azachita bwanji? Ife kuno timathira madzi maningi, mankhwala pang'ono. Kumeneko injini izang'ambika monga botolo la Fanta loiwalika mu firiji. Na madzi otsukira galasi. Na batire." Anawerenga pazala, chopwetekacho atachiimika padera. "Iwe unaona chinthu chimodzi, wasangalala monga wapeza golide."

"Injiniya wagwa!" anakuwa Emmie, akuvina pang'ono ndi mapewa. "Zaka zisanu za kuyunivesite!"

Masiye anaseka nawo. Sanakumbuke tsiku lina limene anasangalala chotero pouzidwa kuti yankho lake ndi losakwanira. Funso limene ankaliona ngati latha linali litabala ena asanu, ndipo onse anali okoma.

Ashefu anapempha kuti ajambule supuni yoima ija asanaitaye. A Gideon anaima pambali pake, dzanja lili pachifuwa, ngati mlenje amene wapha nyama yaikulu.

Lolemba m'mawa Masiye anali pageti monga mwa masiku onse pamene anaona a Gideon akulowa mu ofesi, foni ili m'manja. Chitseko anachisiya chotsegula, ndipo mawu awo sanali ofuna kuwatchera khutu.

"Bwana, onani chithunzi ichi. Tinayesa dzulo, fote pansi pa ziro. Magalimoto a Astana afunika sinthetiki, mitundu iwiri, na mankhwala a rediyeta. Anayi nizayambanso. Nifuna masiku atatu."

"Munayesa kuti?" anafunsa a Javed. "Ku Dubai kuno?"

"Tili na njira zathu. Ndipo nifuna munthu. Uja wa pa geti."

"Wa pepala uja? Unkati pepala silimasula kanthu."

"Silimasula. Nizamuphunzitsa. Koma amawerenga kumene galimoto ikupita, ise tonse timangowerenga kumene yachokera."

A Javed anatulukira pakhomo, anayang'ana Masiye, anakweza manja onse awiri. "Yalla, pita. Geti ndimuuza mlonda mnzako Foster aigwire mpaka tipeze wina."

Ovololo imene anamupatsa inali ya makaniko anapita kukakwatira uja, ndipo miyendo yake inkalekezera pakati pa akakolo ndi mawondo. Pofika teni koloko anali chagada kunsi kwa galimoto yoyamba, beseni lili pambali, sipanala ili pabawuti. Anakoka. Bawuti sinasunthe. Anakokanso ndi mphamvu zonse, ndipo inamasuka mwadzidzidzi. Oyilo wofunda anaphonya beseni, analowa m'mkono wa ovololo, anayenda mpaka kukhwapa.

Nkhope ya a Gideon inasuzumira kunsi kwa galimoto, itazondoka.

"Beseni imakhala patsogolo pang'ono, injiniya. Oyilo satsika mowongoka."

"Ndaona, akulu."

"Waona. Kwatsala kukhuthula kokwana ileveni. Ukafika pa ya nambala faifi uzakhala wouma."

Masiye anasuntha beseni ndi chigongono, oyilo akumudontherabe m'khutu, ndipo anapitiriza kuseka mpaka a Gideon anamuuza kuti atseke pakamwa asanamwe katundu wa kampani.